Thumba Limene Amuna Anga Anakana

1

Tsiku limene abale a amuna anga anabwera kudzandizenga mlandu wa chibwenzi, anandipeza nditasamba, nditavala diresi yabwino, makapu a tiyi nditatsuka kale. Alamu anga anati ameneyo ndiye mkazi wopanda manyazi. Mwina ankanena zoona. Koma tiyeni tiyambire kumene zinayambira, pa lamba wa amuna anga.

Amuna anga ndi munthu wosauzika. Ntchito yawo ndi yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndiye tsiku lonse amakhala pampando wa pambali akulamula: pondani, tayani pang'onopang'ono, yang'anani pagalasi, imani. Akafika kunyumba amaiwala kuti galimoto aisiya kuntchito. Ngakhale ndikamathira madzi m'ketulo amandiuza poimira.

Ine ndimagulitsa nsapato m'sitolo ya eni ake. Ndagwada pamapazi pa anthu zaka zambiri moti munthu ndimayamba kumuzindikira kumapazi, nkhope imabwera pambuyo.

Chaka chatha ndinaona kuti lamba wa amuna anga ali ndi mabowo atsopano, oboola ndi msomali. Kuchimbudzi ankakhalitsa ngati asamukira komweko, ndipo potuluka ankagejemula kawiri. M'mawa wina madzi anasiya, kugejemula kwachiwiri kunakanika, ndipo ndinaona magazi.

"Bambo, izi zayamba liti?"

"Ndi tsabola uja munachulutsa."

"Tsabola wa miyezi ingati?"

Ndinabisa makiyi a galimoto m'bokosi la nsapato mpaka anavomera kupita kuchipatala.

2

Adokotala anali mayi wachitsikana, nsapato zake zafulati zitatha chidendene, munthu woyenda kwambiri. Anati akufuna kuona m'matumbo ndi kachubu kokhala ndi kamera kunsonga. Amuna anga anafunsa kuti kachubuko kalowera kuti. Atauzidwa anayang'ana kudenga, ndipo sanafunsenso china.

Tsiku loti mawa lake akaunikidwa anawaletsa chakudya n'kuwapatsa mankhwala otsuka m'mimba, chijagi chonse cha madzi owawa mchere. Ndinawaikira mpando pafupi ndi khomo la chimbudzi. Anandinyoza.

"Mankhwala ake omwewa? Palibe chikuchitika."

Asanatseke pakamwa ndinaona bambo wa imvi akulumpha katebulo ngati mwana wa sukulu. Tinaseka tsiku limenelo, iwo ali m'kati, ine kunja kwa chitseko ndikuwauza kuti tayani pang'onopang'ono.

Kuseka kunatha mawa lake. Adokotala anatembenuza kompyuta n'kutionetsa chithunzi: njira yofiira yosalala bwino, kenako chinthu chotupa chitatseka theka la njirayo. Anadulako pang'ono kukayeza. Zotsatira zitabwera anatchula dzina lake mosazungulira: khansa ya m'matumbo aakulu, ndipo ili kumunsi kwenikweni.

Ndinachita mantha, owerenga. Amuna anga anangofunsa ngati angabwerere kuntchito masana, chifukwa anali ndi wophunzira woti akayesedwa.

Kenako panabwera sikani, yoona ngati matendawo afalikira kwina. Anawabaya mankhwala pamkono n'kuwagoneka pakabedi kolowa m'chimphete chachikulu. Makinawo amalankhula okha: kokani mpweya, gwirani, pumani. Ine ndinali pabenchi panja nditafumbata wotchi ndi lamba wawo, ndikupemphera mawu osamveka mutu wake. Atatuluka anati, "Makina aja akulamula bwino. Sakalipa."

3

"Nkhani yabwino ndi yakuti sinafalikire," anatero adokotala titabweranso. "Chiwindi chili bwino, mapapo ali bwino. Tikadula msanga chigawo chodwalacho, mwayi ndi waukulu."

Ndinagwira bondo la amuna anga, mtima ukubwerera m'malo.

"Koma popeza chotupacho chili kumunsi, tidzatulutsira thumbo pamimba, apa, ndipo chimbudzi chizigwera m'thumba lomata pakhungu. Mwina kwa miyezi chabe, mwina moyo wonse. Tidzadziwa tikatsegula."

"Thumba?"

"Eya, bambo. Anthu ambiri akukhala nalo bwinobwino."

"Ambiri ake ati? Ine sindinamuonepo ndi mmodzi yemwe."

Anaimirira, anathokoza adokotala mwaulemu, n'kundiuza kuti tiyeni. M'galimoto ndi mmene analavula zakukhosi.

"Mayi, ine ndimakhala m'galimoto ndi ana a anthu, phewa ndi phewa, mawindo otseka. Ndizikhala ndi thumba la zonyansa pamimba? Adzakwera ndani? Bola ndife ndili munthu."

Ndinalira, sizinathandize. Ndinawanyanyala, anangoti m'nyumba mwakhala bata. Achemwali awo, alamu anga amene ali ndi saluni, anabwera ndi ufa wina m'botolo umene ati unachiritsa kasitomala wawo. Amuna anga anaulandira ndi manja awiri chifukwa ufa sufuna mpeni.

Padziko lino pali munthu mmodzi yekha amene amuna anga amamumvera: mnzawo wa paubwana, wowotcherera mageti ndi mawindo, amene aliyense amamutcha a Chitsulo. Ndi chimunthu chachitali, chosadwaladwala, chovala ovolosi ngakhale Lamlungu. Akazi awo anamwalira kalekale ndipo ankakhala okha. Ndinawaimbira kuti alankhule ndi mnzawo.

"Alamu, nkhani imeneyi ndi yovuta," anatero, n'kudula foni.

Ndinapsa mtima. Ndinati kani ubwenzi wa amuna umathera pa kuonera limodzi mpira.

4

Masabata ankapita, lamba ankaonjezera mabowo. Adokotala anandiimbira ine.

"Mayi, chotupa sichidikira kuti munthu amalize kuganiza."

Ndinapempha tsiku kuntchito n'kupita ndekha kuchipatala, kuti ndikawachonderere apeze njira ina yopanda thumba. Chipatala chija makonde ake ndi ofanana onse, ndipo ndinasokera. Ndinangozindikira ndili pakhomo pa kachipinda kena kotchinga ndi katani wosafika pansi. Pansi pa kataniyo panali mapazi a anthu awiri. Ena anali a anesi. Enawo anali m'nsapato zikuluzikulu zogwirira ntchito, zolimba kumphuno, zomangidwa ndi zingwe zofiira.

Nsapato zimenezo ndinagulitsa ndine. Zingwe zakuda zinali zitatha tsiku limenelo, ndipo mwini wake anadandaula kuti azioneka ngati mtsikana.

Ndikanayenera kudutsa. Ndinaima. Mphepo ya fani inakankha kataniyo, ndipo ndinaona chimene ndinaona. A Chitsulo nawo anaona kuti ndaona.

Anandipeza panja nditakhala pabenchi. Chimunthu chonse chija chinali chitafota.

"Alamu, lumbirani kuti simuuza munthu. Ngakhale mnzangayo."

"Koma a Chitsulo, inu simukuona kuti..."

"Lumbirani kaye."

Ndinalumbira. Ndiye inunso owerenga mudikire, chifukwa lumbiro ndi lumbiro.

5

Kusunga chinsinsi sikunandiletse kuwavutitsa. Ndinawatsatira kushopu kwawo, n'kuwakokera kuseri kwa mageti osapenta kumene anyamata awo sakanamva.

"Auzeni. Inu nokha ndi amene angakumvereni."

"Alamu, zaka zonsezi palibe amene akudziwa. Anyamata awa amandipatsa ulemu. Mnzangayo amandiona ngati khoma. Ndiye pali mayi wina, mphunzitsi, amene ndayamba kucheza naye. Ndikufuna ndimuuze ndekha nthawi yake ikakwana. Ndipatseni nthawi."

"Nthawiyo ndi imene tilibe."

"Ndimulankhula mwanjira ina."

Anawalankhuladi mwanjira ina. Anawauza kuti alimbe mtima, madokotala amadziwa ntchito yawo. Amuna anga anabwera kunyumba akuseka. Ati Chitsulo akudziwa chiyani za mpeni, munthu woti ngakhale chimfine chimamuopa. Madzulo amenewo anadya masipuni ochepa a mpunga n'kukagona atapinda mawondo, akuganiza kuti sindikumva kubuula kwawo.

Loweruka ndinawaimbiranso a Chitsulo. Ndinati tikumane pamalo ena omwera tiyi, komaliza, sindidzawavutitsanso. Anandipeza nditakhala kale patebulo la pawindo, masanasana. Ndinawauza za kubuula kuja ndipo ndinalira, misozi yeniyeni. Anandigwira dzanja kunditonthoza. Kenako ndinawapempha chinthu chimene mkazi wa mwini sapempha mnzake wa mwamuna wake.

"Ndingagwire? Ndingofuna ndidziwe mmene pamakhalira."

Anayang'ana uku ndi uku, anausa moyo, n'kumasula mabatani awiri. Ndinalowetsa dzanja m'kati mwa ovolosi yawo, pamimba, ndipo sindinafulumire kulichotsa.

6

Lamlungu masana alamu anga a saluni anatulukira ndi amuna awo, foni ili m'manja. A Chitsulo anaitanidwanso, osauzidwa chifukwa chake. Ine ndinathira tiyi.

"Achimwene, onani," anatero alamu, akukulitsa chithunzi ndi zala. "Moyang'anana ndi saluni yanga penipeni. Makasitomala anasiya tsitsi lili pakatikati n'kukaunjikana pawindo. Dzanja lili m'kati mwa ovolosi. Inu mukudwala, awa akusisita anzanu."

Amuna a alamu anayang'ana m'kapu ngati mwagwera ntchentche.

"Mayi, ndinu?" anafunsa amuna anga.

"Ndine."

"Mumatani?"

"Sindinganene."

Alamu anawomba m'manja. "Mwamva nokha. Sanganene."

Ndinkayembekeza kuti amuna anga akalipa. Sanakalipe. Anaika foni patebulo, anayang'ana mnzawo, kenako ine.

"Simukanadikira pang'ono? Ine si ndatsala pang'ono kuchoka?"

Mawu amenewo anandilasa, ndipo amandilasabe. Ndinatsala pang'ono kuulula zonse. Ndinaluma mlomo n'kuzika maso pansapato za a Chitsulo. Zinakhala phee kwa kanthawi, kenako zinasuntha.

Anaimirira, anamasula mabatani a ovolosi mpaka m'chiuno, n'kukweza malaya a m'kati. Kumanzere kwa mchombo kunali thumba lotuwa, laling'ono ngati chikhatho chawo, lomatidwa bwinobwino pakhungu.

"Alamu amagwira ichi. Anandiona nacho kuchipatala, anesi akundiunika, ndipo ndinawalumbiritsa. Alibe mlandu."

Bisiketi ya amuna a alamu inagwera m'tiyi.

"Iwe," anatero amuna anga. "Kuyambira liti?"

"Chaka chija ndinati ndapeza ntchito yowotcherera matanki kutali. Ndinali m'chipatala. Matenda ake omwewa."

"Zaka zonsezi?"

"Zonsezi."

"Si iwe tinapita limodzi kukatenga galimoto ija, ulendo wa tsiku lonse, mvula ikugwa, mawindo otseka?"

"Ndine. Unamva fungo?"

Amuna anga anaganiza mofatsa, monga munthu wofunitsitsa kupeza cholakwa.

"La masokosi ako."

Anadzuka movutikira n'kuyandikira, akuwerama ngati akuyang'ana injini. Umasamba nalo? Eya. Likadzaza umatani? Ndimakhuthula, ndasamba m'manja, basi. Nanga lamba wa m'galimoto amadutsa pati? A Chitsulo anawaonetsa ndi chala, m'munsi mwake. Anafunsana choncho ngati m'nyumbamo mulibe anthu ena. Alamu anatola chikwama chawo akunena kuti iwo amangoteteza mchimwene wawo.

Alendo atapita amuna anga anakhala pafupi nane.

"Mayi, pepani. Ndinakuganizirani zoipa."

Sindinathe kuwayang'ana.

"Mawa muwaimbire adokotala aja. Muwauze anole mpeni."

7

Tsiku la opaleshoni ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa. Alamu anabwera, anakhala kumbuyo kwanga n'kuyamba kundimasula tsitsi osandifunsa. Kumeneko ndiye kupepesa kwawo, ndipo ndinakulandira. Mmene ankamaliza kundiluka, adokotala anatulukira atatsitsa kansalu ka pakamwa.

"Tachotsa chonse chimene tinaona. Thumba lilipo, mayi, ndipo likhala."

Ndinawagwira dzanja ndi manja onse awiri. Likhale, bola mwini wake akhalenso.

Anawatulutsa pabedi la mateyala, machubu ali mbwee, maso otseka. Ndinkayenda pambali ndikulira. Titafika pokhotera khonde ndinamva mawu a munthu woledzera ndi mankhwala akuuza wokankha bediyo kuti, "Pakona, pang'onopang'ono." Ndinadziwa kuti amuna anga abwerera.

A Chitsulo ankabwera tsiku lililonse. Iwo ndi amene anawaphunzitsa kusintha thumba, chifukwa anesi akaphunzitsa amuna anga ankawatsutsa. Koma ine a Chitsulo ankangondipatsa moni wouma. Tsiku loti titulutsidwa anandiimika pakhonde.

"Alamu, malo omwera tiyi alipo angati m'tauni muno?"

"Ambiri."

"Ena ali pafupi ndi sitolo yanu. Ena ali pafupi ndi shopu yanga. Inu munasankha oyang'anana ndi saluni, tebulo la pawindo, Loweruka saluni itadzaza."

"Ndinalumbira kuti sindinena, ndipo sindinanene."

"Ndi pakamwa simunanene."

Owerenga, ichi ndiye chinsinsi changa, osati cha thumba chija. Ndinachita dala. Ndinkadziwa kuti alamu anga sangaone dzanja langa m'malaya a mwamuna osatulutsa foni. Ndinkadziwanso kuti a Chitsulo sangalole mnzawo kufa akuganiza kuti anamulanda mkazi. Ndinawakola ndi ubwino wawo womwe, ndipo Lamlungu lija ndinatsukiratu makapu chifukwa ndinkadziwa kuti kubwera alendo.

"Mphunzitsi uja anamva Lolemba," anapitiriza a Chitsulo. "Anamva ali pampando wa saluni, akumuchapa tsitsi, anthu akuseka. Foni yanga sayankhanso."

Ndinasowa poika nkhope.

"Mwina akanathawabe. Koma ndinkafuna athawe nditamuuza ndekha."

"Pepani, a Chitsulo."

"Mnzanga ali moyo, chimenecho ndikuthokoza. Zinazo ndikuganizabe."

8

Amuna anga analandira mankhwala a m'diripi kwa miyezi ingapo, anaonda, anadzanenepanso. Sikani yapitayi yatuluka yoyera. Anabwerera kuntchito, ndipo ophunzira akudandaulabe chinthu chimodzi chokha, pakamwa pawo. Zimene ndakuuzanizi sakuzidziwa. Magazini sawerenga, amati amawerenga zikwangwani za pamsewu basi.

A Chitsulo amabwerabe kudzaonera mpira. Tiyi wanga amamwa, koma nthabwala zija ankandiseka nazo zinatha. Kushopu kwawo anyamata anachita manyazi masiku oyamba, kenako anazolowera. Mphunzitsi uja ndinamufunafuna mpaka kusukulu kwake kuti ndikamufotokozere. Anandimvetsera mwaulemu, n'kundiuza kuti thumba silinamuvute. Chinamuvuta n'chakuti tauni yonse inadziwa iye asanadziwe. Ndipo tauniyo ndinaiitana ndine.

Mukandifunsa ngati ndingachitenso, ndikuyankhani kuti eya, ndipo yankho limenelo ndi limene limandichititsa manyazi. Ndinapulumutsa banja langa poononga la munthu wina lisanayambe n'komwe. Ena mwa inu munditcha mkazi wanzeru, ena munditcha njoka. Ine ndimadzitcha zonse ziwiri, kutengera tsiku.

Chimene ndikupempheni n'chochepa. Wa kwanu akayamba kutha thupi kapena kuona magazi, musamunyengerere, mutengereni kuchipatala ngakhale akukalipireni njira yonse. Ndipo ngati inu ndi amene munadutsamo kale mu zimene mnzanu akuziopa, muuzeni nokha, kuseri, mwaulemu wanu, asanakutulukireni mkazi wothedwa nzeru ngati ine.

Ndikanalemba zambiri, koma akundiitana kubafa. Kasizasi kodulira pakamwa pa thumba kasowanso, ndipo ati ndine ndakasuntha. Ndikudziwa kuti kali m'thumba la malaya awo, koma ndipita ndikawathandize kufuna.